Masewera a madzi, ufa ndi mchenga akamathera m'misozi

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene ndinayala saka pakhonde la nyumba yomwe timachita lendi ku Mabvuku n'kuikapo beseni lodzaza madzi, makapu awiri ndi sefa yakutha. Mzime wanga anali ndi zaka ziwiri. Anathira madzi m'kapu kawiri katatu, kenako anagwira mlomo wa beseni n'kulipendeketsa lonse. Madzi anayenderera mpaka pakhomo pa anzathu a chipinda chinacho, mwana anaterereka pasimenti yopolishidwa n'kumenyetsa chigongono, ndipo kulira kwake kunatulutsa apongozi anga m'nyumba. Anayang'ana madziwo, kenako anayang'ana ine. "Apongozi, madzi munadzukira m'bandakucha kumjigo aja ndi amenewa?"

Ndinasowa choyankha. Masewerawo ndinawasiya miyezi iwiri, ndipo ndikudziwa amayi ambiri kuno ku Harare amene anayesa kamodzi, zinavuta, n'kusiyira pomwepo.

Aphunzitsi a sukulu za mkaka, zomwe kuno amati ECD, masewera otere amawatcha sensory play, kutanthauza masewera omwe mwana amaphunzira nawo pogwira, pokanda, pothira, ponunkhiza ndi pomvetsera. Dzinalo ndi lachilendo koma zochitikazo n'zathu. Amene tinakulira ku Dedza, ku Mchinji kapena m'mafamu a kuno tinaumba ng'ombe zadothi kudambo, tinasinja mchenga m'zigoba pamasanje, omwe anzathu Achishona amati mahumbwe, tinapalasa phulusa ndi zala. Bwalo linkatipatsa zonsezo popanda wokonza. Mwana wa m'chipinda chimodzi cha lendi ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa ali ndi simenti pansi, mpanda wa durawall ndi geti lotseka. Mayi akapanda kumukonzera, sazipeza. Pa ana anga awiri ndi a anansi omwe ndimatsala nawo masana, ndaona kuti masewerawa akasokonekera wolakwa kawirikawiri sakhala mwana. Nthawi zambiri chimalakwika ndi chinthu chimodzi: nthawi, malo, kuchuluka kwa zinthu, kapena chinthu chosayenera msinkhu wake. Mukachipeza n'kusintha chokhacho, mawa lake zimayenda.

Musanasinthe china chilichonse

Mwana wanjala kapena watulo amalimbana ndi chilichonse chimene mwamuikira. Nthawi yabwino ndi atadya phala la m'mawa kapena atadzuka tulo ta masana. Madzulo, inu muli pamoto, magetsi azima, ndiwo zikudikira, musayambe n'komwe, chifukwa masewerawa amafuna maso anu onse.

Tsiku lija ine ndinalakwitsa ziwiri. Beseni ndinadzaza, pamene madzi ofika mfundo yoyamba ya chala akanakwanira. Ndipo ndinaliika pasimenti yopaka polishi, malo oterera kuposa onse panyumba. Tsopano ndimaika padothi kuseri kwa nyumba, kapena pasaka loyalidwa pamalo okhakhala. Mwana ndimamuvula, kapena ndimamuveka malaya akutha, kuti ndisamakhalire kumukalipira za zovala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene Harare amazizira mpaka udzu kuyera m'mawa, ndimasiya zamadzi n'kutenga zouma. Ngati akufunitsitsa madzi, akhale ofunda ndipo likhale dzuwa la masana.

Akungoika chilichonse m'kamwa

Dandaulo lalikulu ndi limeneli, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali ngozi zenizeni. Khanda limayamba kudziwa zinthu ndi pakamwa, manja amatsatira pambuyo. Mpaka zaka ziwiri, mwinanso kupitirira, kumuletsa kulawa n'kungodzitopetsa. Chofunika n'kudzifunsa kuti chimene mwamupatsacho akachimeza chimuchita chiyani.

Wa msinkhu umenewu mupatseni zodyeka. Nsima yotsala ya masana omwewo, mukaikanda ndi kadontho ka mafuta ophikira, imaumbika bwino kwambiri. Phala lozizira lopakidwa pathireyi amalembapo ndi chala. Mbatata yophika amaifinya m'manja mpaka kutuluka m'mipata ya zala. Therere lowiritsa popanda soda ndi mchere limananda kuposa zoterera zonse zogulitsidwa m'masitolo, ndipo akalinyambita palibe chodetsa nkhawa. Zonsezi n'za tsiku limodzi. Akamaliza, zotsalazo zisamudikire mawa.

Mtanda wa fulawa ndi mchere, umene ndifotokoze kutsogoloku, si wa mwana wolawalawa. Mchere wake ndi wambiri moti akameza chibulumwa chachikulu thupi laling'ono limalephera kuupirira: amasanza, amamva ludzu losatha, amafooka, mwina kukomoka kumene. Zikatero thamangirani kuchipatala. Fulawa wosaphika naye amatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, choncho wa ana aang'ono muyambe mwamukazinga pamoto mpaka atenthe ndithu.

Chimanga, nyemba, mtedza ndi timiyala ndi zabwino pothira ndi kupakula, koma kwa mwana woposa zaka zitatu yemwe wasiya kulawa. Muyeso wake uli m'nyumba mwanu momwemo: tengani kachubu kakatoni kotsala pepala la kuchimbudzi likatha. Chilichonse chodutsa m'kachubuko chingathe kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zitatu. Ndipo si pakhosi pokha. Nyemba ikalowa m'mphuno imamwa chinyezi n'kufufuma. Musaikolowole ndi kamtengo ka machesi kapena chotokosera m'makutu, mudzangoikankhira m'kati. Pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo. Mwana akayamba kutuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha ya mphuno, ganizirani kuti mwina muli kanthu kamene analowetsa inu osaona.

Pali chimanga china chimene sichiyenera kufika m'manja mwa mwana ngakhale wamkulu. Mbewu yogula yodzala, ija yopakidwa utoto wofiirira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala, ndipo utotowo ndi umene umakopa ana. Ambiri a ife timalima timinda m'mphepete mwa misewu ndi m'madambo, ndiye mu Novembala mapaketi a mbewu amakhala paliponse m'nyumba. Ikani pamwamba. Chimanga chosungidwa m'matumba nachonso nthawi zambiri chimakhala chothiridwa Actellic kapena fumbi lina lophera anankafumbwe. Mukagula chidebe ku Mbare Musika funsani, ndipo ngati wogulitsa sakuyankha zomveka, chimenecho si choseweretsa. Chimodzimodzi mabotolo ndi zigubu: lomwe linasungapo parafini, mankhwala a m'munda kapena ochapira zimbudzi silisanduka choseweretsa ngakhale mutalitsuka. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, chifukwa posanza parafiniyo amalowa m'mapapo, mutengereni kuchipatala.

Pazogula, ndimadana kwambiri ndi timikanda tonyezimira tofufuma m'madzi, timene ena amaika m'miphika ya maluwa ndipo amatitsatsa pa WhatsApp ngati zoseweretsa. Kamodzi kokha kakamezedwa kamapitiriza kufufuma m'matumbo mpaka kutseka njira. Mabatire ozungulira ngati batani, a m'mawotchi ndi m'zidole zoyaka, amawotcha kum'mero m'maola ochepa. Timaginito nato tichoke.

Zikachitika kuti watsamwa, yambani mwaona ngati akutsokomola mwamphamvu kapena kulira. Ngati akutero mpweya ukudutsa, musiyeni atsokomole ndipo musapise chala m'kamwa mwake kufufuza chimene simukuchiona. Ngati wangoti zii, sakutulutsa mawu, milomo ikusintha mtundu, musadikire. Khanda losakwana chaka ligonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli cha m'munsi, limenyeni kasanu ndi chikhatho kumsana pakati pa mapewa, kenako litembenuzeni n'kudinikiza kasanu ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa. Woposa chaka muweramitseni, kasanu kumsana, kenako muime kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, n'kukokera m'kati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani uku wina akuitana thandizo, ndipo ngakhale chitatuluka, akamuone achipatala.

Mwana wina salawa mwangozi, amachita kufunafuna dothi, makala kapena njerwa kuti adye, tsiku ndi tsiku. Ameneyo vuto lake si masewera. Chilakolako chotere nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndiye tengani khadi lake la sikelo mukawafotokozere anamwino.

Akukana kugwira, mwinanso kulira

Wanga wachisamba anali wotere. Ana anzake akamakanda matope, iye ankaima patali manja ali m'mwamba, zala zitatambasuka ngati wagwira moto. Kaphala kakamudonthera pamkono ankakuwa mpaka mutakapukuta. Tsiku lina, pofuna kuti azolowere, ndinagwira dzanja lake n'kuliviika m'mbale ya phala lozizira. Anachita mseru, anasanza, ndipo kwa masabata atatu sanafune ngakhale kukhala pafupi ndi mbaleyo. Chinthu chimenechi chimandipwetekabe mtima, ndipo ndikuchinena kuti inu musachichite.

Ana samva zinthu mofanana. Chimene kwa wina chikungozizira, kwa mnzake chimakhala ngati chikumuluma. A. Jean Ayres, katswiri wa ku America wothandiza ana kugwiritsa ntchito matupi awo, analemba zambiri pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970, kufotokoza kuti ubongo wa ana ena umalandira kukhudza, phokoso ndi kugwedezeka mopitirira muyeso, pamene wa ena umalandira mochepa. Mwana wokana sakuchita matama. Akunena zimene khungu lake likumva.

Zimene zinatithandiza zinayenda pang'onopang'ono. Poyamba ankangoonerera ine ndikusewera, osamuitana. Kenako ndinamupatsa mthiko wautali, kuti pakati pa dzanja lake ndi phalalo pakhale mtunda. Patapita masiku, supuni yaifupi. Zonyowa ndinaziika m'pepala lapulasitiki lomanga bwino kuti azidinikiza osadetsedwa, ine ndili pomwepo, n'kulichotsa akamaliza. Pa zogwira ndi manja, tinayamba ndi zouma, monga zisononkho ndi mpunga, tisanafike pa zonyowa, ndipo zonanda zinabwera kumapeto kwenikweni. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi kansalu konyowa komwe ndinkamuikira pambali. Atadziwa kuti angathe kudzipukuta nthawi iliyonse osapempha, anayamba kuviika nsonga ya chala, kupukuta, kuviikanso. Ndinaonanso kuti kumugwira mwamphamvu pang'ono, monga kumufinya manja kapena kumukulunga m'bulangete, ankakukonda, pamene kumusisita mopepuka kunkamunyansa. Akanena kuti basi, inalidi basi.

Pali pamene muyenera kufunsa odziwa. Ngati mwana wa chaka satembenuka mukamuitana dzina, ngati wa chaka ndi theka saloza chinthu ndi chala ndipo alibe liwu ngakhale limodzi, ngati wasiya kuchita zimene ankatha, ngati amatseka makutu n'kukuwa pa phokoso wamba kapena amadya mitundu iwiri itatu yokha ya chakudya, pitani kukiliniki ya m'dera lanu mupemphe kuti amuone bwinobwino, ndi makutu omwe. Ku chipatala cha Sally Mugabe, chomwe ambiri timachitchabe Gomo, kuli gawo la ana lotchedwa Children's Rehabilitation Unit, kumene kuli akatswiri a zimenezi. Musalole kuti mawu akuti "bambo ake nawonso anachedwa kuyankhula" akugoneni pakhomo chaka chathunthu.

Akungomwaza ndi kutaya

Kukhuthula ndi gawo la phunzirolo. Mwana akufuna aone kuti madzi akagwa amapita kuti, mchenga ukaponyedwa umamveka bwanji. Mukamuletseratu, masewera amasanduka nkhondo. Mupatseni pokhuthulira: beseni lachiwiri lopanda kanthu pambali pa loyambalo. Kapena mukhazikeni iye mwini m'bafa lalikulu lochapira, zoseweretsa zili pakati pa miyendo yake, kuti zotayika zigwere momwemo. Lamulo likhale limodzi, lalifupi, lomwelomwelo tsiku lililonse. Kwathu ndi lakuti "mchenga ukhala pasaka." Akaponya koyamba ndimamukumbutsa, kachiwiri ndimanyamula beseni mwakachetechete n'kunena kuti tiyesanso mawa. Sindikalipa, koma sindibwezanso.

Ana ena amamwaza chifukwa thupi lonse likufuna ntchito, osati zala zokha. Wotero muyambe mwamutopetsa: akankhe bokosi lodzaza nsapato, adumphe pamatiresi, anyamule kachigubu ka malita awiri kupita nako kumunda. Akuluakulu awiri angathe kumugoneka m'chitenje cholimba, chimene kuno amati zambia, n'kumamuyendetsa uku ndi uku pafupi ndi pansi. Akatsika m'menemo amakhala pansi mwabata kuposa kale.

Kusesa nakonso n'kusewera. Katsache kakang'ono ndi kansanza zikhale zake. Ndipo mchenga, ufa kapena mtanda zisalowe m'sinki kapena m'ngalande. Mipope ya m'malokeshoni mwathu ndi yakale, ikatsekeka mudzayambana ndi eni nyumba ndiponso anzanu onse apampanda.

Madzi ndi osowa, ndipo si onse abwino

Apongozi anga sankanama. Kumadera ngati kwathu kuno mipope imatha kukhala youma nthawi yaitali, ndipo chidebe chilichonse chimabwera pamutu kapena pawilibala. Koma masewerawa safuna madzi ambiri. Lita imodzi, kapu, fanulo yodula kubotolo la chakumwa ndi siponji zimamusunga mwana nthawi yaitali kuposa beseni lodzaza. Kaburashi kakale ndi kachitini ka madzi, azipaka khoma n'kumaona dzuwa likufufuta zimene wajambula, zimatha theka la kapu. Njira ina ndi kuphatikiza masewera ndi kusamba, madzi omwewo agwire ntchito ziwiri. Otsala apite pabedi la repu kapena kovo.

Chimene simuyenera kuchita ndi kupulumutsa madzi abwino pomupatsa okayikitsa. Mwana adzamwa ndithu madzi amene akuseweretsa. Mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, unabweranso mu 2018 kuyambira ku Glen View ndi ku Budiriro, ndiponso mu 2023. Madzi a m'chitsime chosazama, a mumtsinje wa Mukuvisi, a m'zithaphwi za mvula ndi otsukira matewera asafike pamasewera. Akhale omwe inu mungamwe: owiritsa, kapena othira Waterguard monga mwa malangizo a pabotolo.

Ndiye pali zidebe. Nyumba iliyonse ili ndi zidebe za malita 20 ndi migolo yosungira madzi, ndipo mwana amene waphunzira kuti madzi ndi okoma kuseweretsa adzazilondola. Wongoyamba kuyenda mutu umamulemera. Akasuzumira m'chidebe n'kugweramo chamutu sangathe kudzitulutsa, ndipo samveka kulira. Madzi a masentimita 5 okha ndi okwanira kumiza mwana. Zidebe zikhale zovundikira zolimba, chitsime chikhale ndi chitseko chokhoma, ndipo foni ikalira muli pamasewera, nyamulani mwanayo mupite naye. Mukamaliza khuthulani beseni nthawi yomweyo, lisagone ndi madzi n'kuswetsa udzudzu. Nyengo ya mvula, zovala zonyowa musayanike pansi kapena paudzu, ndipo muzisite: ntchentche ija yoikira mazira pansalu yachinyezi imasiya mphutsi zolowa pakhungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa.

Mtanda ukumata, ukuyoyoka kapena wachita nkhungu

Muyeso umene umandiyendera ndi uwu: makapu awiri a fulawa, theka la kapu ya mchere, masupuni awiri aakulu a mafuta ophikira, masupuni awiri a madzi a mandimu kapena viniga, ndi kapu imodzi ya madzi otentha kwambiri. Sakanizani zouma, thirani zamadzi pang'onopang'ono mukutakasa ndi mthiko, dikirani uzizire, kenako kandani mpaka usalale.

Ukamamata m'manja, nthawi zambiri simunaukande mokwanira kapena ukadali wofunda; pitirizani kaye musanawonjezere fulawa. Ukamayoyoka, nyowetsani manja anu n'kukandanso, osathira madzi mwachindunji. Ngati munagwiritsa ufa wachimanga wosaphika, umenewo sudzagwirana ngakhale mutatani, chifukwa chimanga chilibe ulimbo umene uli mu tirigu. Ufa wathu umagwirana ukaphikidwa basi. Ukatuluka timiyala toyera pamwamba, wauma ndipo mchere wabwera kunja, ndiye kadontho ka mafuta ndi kukanda zimaubweza. Nyengo ya mvula mchere umakoka chinyezi, mtanda n'kuchita thukuta. Sungani m'chitini chotseka pamalo ozizira, ndipo musadalire furiji poti magetsi amapita. Ukangoonetsa madontho akuda kapena obiriwira, kapena fungo losasa, tayani wonse, osachotsa pamwamba pokha. Tayani pomwe galu sangafike, chifukwa mcherewo umaphanso agalu. Mwana wa zilonda kapena ziwengo m'manja mtandawu umamuwawa. Iye mupatseni wansima uja.

Utoto simufunika kugula. Madzi owiritsira chidede kapena bitiruti amapereka kufiira, nkhwani wosinja kubiriwira. Pali kenanso kamene ana amakakonda kwambiri: makapu awiri a cornflour, ufa woyera wosalala wa m'sitolo wokhuthalitsira msuzi, ndi kapu imodzi ya madzi. Ukakamenya kamalimba gwa, ukakasiya m'dzanja kamayenderera. Kakakhala kamadzimadzi onjezani ufawo, kakauma onjezani madzi supuni imodzi.

Mchenga ndi zotola panja

Mulu wa mchenga womangira umene wakhala pabwalo miyezi ndi chimbudzi cha amphaka ndi agalu, ndipo mumakhala mazira a njoka za m'mimba ndi tizilombo tolowa pakhungu n'kusiya mzere woyabwa. Ngati mwana akumakanda mapazi kapena matako atasewera pamchenga, kayikirani mchengawo. Tengani chidebe chimodzi cha mchenga wa kumtsinje, sefani kuchotsa magalasi ndi misomali, thirani madzi owira, yanikani padzuwa pa lata mpaka uume, ndipo muzisunga wovundikira. Wosakanikirana ndi simenti kapena laimu umawotcha khungu ndi maso. Mchenga ukamauluka n'kulowa m'maso, uwazeni timadzi.

Harare ali ndi zotola zambiri zaulere. Zikhokhombe za msasa zimathetheka zokha dzuwa likatentha n'kupiringizika, ndipo ana amakonda kuzimvetsera. Za jacaranda n'zaphanthiphanthi, zimalira bwino ukaziwombanitsa, koma maluwa ake akagwa pansi mu Okutobala mumabisala njuchi, ndiye mwana asapondepo wopanda nsapato. Chigoba cha malambe kapena cha mateme chouma, njere zili m'kati, ndi chisekese chokwanira. Koma nsatsi, ngakhale njere zake zili zokongola ngati mikanda, ndi poizoni woopsa. Chimodzimodzi zipatso zachikasu za mtengo wa syringa umene uli m'misewu yambiri, zipatso za lantana, ndi duwa lofiira la flame lily, lomwe ndi duwa la dziko lino. Chomera chimene simukuchidziwa dzina chisalowe m'beseni.

Akutopa nazo msanga

Wa chaka chimodzi kapena ziwiri akasewera mphindi zochepa n'kunyamuka, palibe chalakwika. Siyani zinthuzo pomwepo ngati zili zouma ndi zosaopsa, adzabwerera. Chimene chimathamangitsa ana ambiri ndi ife akuluakulu: timaunjika zinthu khumi nthawi imodzi, kapena timalamulira kuti umba chakuti, usatero, tachita chonchi. Ikani zitatu zokha, zina mubise kuti mudzasinthe sabata yamawa. Khalani pansi, tengani kapu yanu, chitani zanu, adzakutsanzirani yekha.

Ngati wangochoka pa foni, mchenga umaoneka wozizira kwa iye. Malangizo a bungwe la WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhalire kuonera foni kapena TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Masewera ayambe, foni ibwere pambuyo ngati ikubwera n'komwe.

Apa ndiikepo kanga ka kumtima. Ana athu kuno amakula ndi Chishona pabwalo ndi Chingerezi kusukulu, ndipo Chichewa chimatsala cha moni ndi cha kutchalitchi. Pamasewerawa ndi pamene mawu athu amamatirira, chifukwa mwana akumva liwulo uku chinthucho chili m'dzanja. Muuzeni kuti ichi chikukhakhala, ichi chasalala see, therere likunanda, manja ayera mbuu, madzi afiira psuu. Mawu otere sadzawapeza m'buku la ECD, ndipo mzime wanga anayamba kunena "mbuu" asanadziwe kunena dzina lake.

Akuluakulu akuti mukuwononga chakudya

Ili ndi vuto limene silithetsedwa ndi muyeso wa makapu. Amene anaona njala ya 1992 kapena mashelefu opanda kanthu a 2008 sangaone mwana akuponda ufa mtima wawo n'kukhala m'malo, ndipo ine sindiwatsutsa. Mwana amene waloledwa kuseweretsa nsima m'mbale yodyera amasokonezekadi. Sadziwa kuti nthawi yodya ndi iti. Choncho ndinasiyanitsa. Zoseweretsa zili ndi beseni lake, thireyi yake ndi malo ake kuseri, sizifika pamphasa yodyera. Zodyeka ndimagwiritsa pa makanda okha, pang'ono pokwana m'dzanja, ndipo zotsala zimapita kwa nkhuku. Kwa okulirapo ndinasiya mpunga ndi fulawa wambiri n'kutenga zimene palibe angadandaule nazo: gaga wa kuchigayo, zisononkho, makoko a chimanga, zikhokho zonyika za mumphika, dothi la pachulu. Gaga ali ndi fumbi, ndiye kwa mwana wa chifuwa cha mphumu muwazeni madzi kaye kapena mumusiye.

Chinanso, ndinasiya kuwafotokozera apongozi za ubongo wa mwana, n'kuwafunsa kuti iwo ali mtsikana kwawo ku Ntcheu ankasewera chiyani. Anakamba mpaka tiyi kuzizira: timiphika tadothi towotcha paphulusa, ana a zisononkho oberekedwa ndi kansanza, kusinja dothi lofiira kuti likhale ufa wa pamasanje. Patapita masiku anapita ku Mbare Musika kukagula nsomba zouma, n'kubwerako ndi kalichero kakang'ono kokwana m'manja mwa mwana.

Tsopano Loweruka m'mawa ndi awo. Amakhala pasaka kuseri miyendo atatambasula, mdzukulu ali pakati, gaga wodzaza manja awiri ali m'kalichero. "Gwira chonchi, agogo anga. Ponya m'mwamba, landira. Pang'ono, usathamange." Theka limagwera pasaka, lina pamutu pa mwana, nkhuku za eni nyumba zikudikira chapatali. Akamaliza amakutumula sakalo pakhola, amasambitsa mwana m'manja ndi madzi a m'kapu imodzi, ndipo kalicheroko amakapachika pamsomali pamwamba pa lawo lalikulu.